Ufa udakali chimanga, koma makala salinso mtengo

Madzulo ena m'mwezi wa June, magetsi atazima kwathu ku Chilomoni, mwana wa achemwali anga amene ndimakhala naye, yemwe ali Fomu 1, anayatsa kandulo n'kuyamba kuloweza zolemba zake za Chemistry mokweza mawu ngati akuphunzira katekisimu. Mutu unali wa mitundu iwiri ya kusintha kwa zinthu, imene m'kalasi amaitchula m'Chingerezi kuti physical change ndi chemical change, ndipo chiganizo chimene ankachibwereza chinali chakuti kusintha kwa mtundu woyamba kumabwezeka pamene kwa mtundu wachiwiri sikubwezeka. Ndinachizindikira msanga chiganizocho, chifukwa nanenso ndinachiloweza ndili msinkhu wake ndipo chinandithandiza pa mayeso a JCE. Komabe ndinamufunsa ngati ufa umene tinakagayitsa tsiku lomwelo ungathe kubwerera kukhala chimanga. Iye anati sungathe. Ndinamufunsanso ngati zimenezo zikutanthauza kuti kuchigayo kumachitika kusintha kwa mtundu wachiwiri uja, ndipo anakhala chete kwa kanthawi asanayankhe kuti, "Amalume, mukufuna kundisokoneza, aphunzitsi sanatero."

Sindinkafuna kumusokoneza ayi, ndipo sindikunena kuti aphunzitsi ake analakwitsa, popeza lamulo la kubwezekali limagwira ntchito pa zitsanzo zambiri ndipo mwana savutika kuligwira pamutu. Vuto lake n'lakuti limangonena zimene zimachitika kawirikawiri, osati chenicheni chimene chimasiyanitsa mitundu iwiriyi, moti munthu wolidalira kwambiri limamugwetsa pa zitsanzo za kukhitchini kwake komwe. Funso limene ndimaona kuti ndilo lenileni ndi ili: kodi kusinthako kutachitika, chinthucho chidakali chomwe chija, kapena pabadwa china chimene panalibe? M'nkhani ino mtundu woyamba ndiziutchula kuti kusintha kwa maonekedwe, ndipo wachiwiri ndiziutchula kuti kusintha kobala chinthu china.

Funsoli silingamveke popanda kutchula tizidutswa timene maso sangathe kutiona. Zinthu zonse zinapangidwa ndi maatomu, ndipo nthawi zambiri maatomuwo amagwirana m'timagulu totchedwa mamolekyu. Molekyu ya madzi, mwachitsanzo, ili ndi maatomu awiri a haidirojeni ogwirana ndi atomu imodzi ya okosijeni. Madzi akaundana mufiriji pa madigiri 0, timaguluti timangondanda pamalo amodzi mwadongosolo, ndipo akawira timabalalika n'kuuluka ngati nthunzi, koma m'kagulu kalikonse maatomu atatu aja amakhala akadali ogwirana monga kale. Chiperoni chimene chimaphimba phiri la Soche ndi la Ndirande m'miyezi yozizira ndi madzi omwewo, amene anabwera ngati nthunzi mumphepo yochokera kunyanja yamchere kudzera ku Mozambique, n'kusanduka timadontho atazizidwa pokwera mapiri. Kutentha kumene madzi amawirira nakonso kumasiyana malinga ndi malo: m'mabuku mumalembedwa madigiri 100, koma kuno ku Blantyre, kumene tili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, madzi amawira asanafike n'komwe madigiri 97, pamene ku Nsanje amayandikira 100 yeniyeniyo. Konseku n'kusintha kwa maonekedwe. Koma munthu akadutsitsa magetsi m'madzi, maatomu aja amalekana ndipo pamatuluka mipweya iwiri, haidirojeni amene amayaka ndi okosijeni amene amathandiza moto kuyaka, yonse kuchokera m'chinthu chimene timazimitsira moto. Pamenepo ndiye kuti pabadwa zinthu zina.

Tibwerere kuchigayo, kumene mwana uja anatsamwa. Chimanga chikakonoledwa, madeya amapita kwaokha ndipo mphale imatsala payokha, kenako chigayo chimaphwanya mphaleyo kukhala ufa, ndipo palibe mmisiri amene angalumikizenso ufawo kuti ukhale njere yoti n'kubzala. Komatu sitachi, chakudya choyera chija chimene chinali m'kati mwa njere, ndi yemweyo amene ali mu ufa, ndipo chasintha ndi kukula kwa tizidutswa basi. N'chimodzimodzi ndi botolo losweka, nkhuni zowaza kapena nsalu imene telala wadula: zonsezi sizibwerera, koma galasi likadali galasi ndipo mtengo ukadali mtengo. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti pa ulendo wochoka pa chimanga kukafika pa ufa woyera, malo amene pamabadwadi chinthu china si pachigayo pamene pali phokoso ndi fumbi, koma mundowa momwe mphale imaviikidwa mwakachetechete kwa masiku angapo. M'menemo tizilombo tosaoneka ndi maso timadya gawo la chakudya cha m'mphale n'kutulutsa asidi, ndipo n'chifukwa chake matsukwa amanunkha kusasa ngakhale kuti palibe amene anathiramo chowawasa. Tizilombo ta gulu lomwelo n'timene timasandutsa mkaka kukhala chambiko, posintha shuga wa mumkaka kukhala asidi amene amaulimbitsa.

Amayi ophika thobwa amadziwa za kusintha kobala chinthu china kuposa mmene ife odutsa m'kalasi timaganizira. Phala la ufa si lotsekemera, koma akathiramo chimera n'kulisiya, limayamba kupyapyala ndi kutsekemera popanda shuga wa m'sitolo. Mawere kapena mapira akamamera amatulutsa zinthu zimene asayansi amazitcha ma-enzyme, zimene zimadula mamolekyu ataliatali a sitachi kukhala timamolekyu tifupitifupi ta shuga, ndipo amayi amadikira kuti phala lizizireko asanathire chimera chifukwa kutentha kwambiri kumapha mphamvu imeneyi. Thobwalo likagonera masiku angapo, yisiti amadya shuga uja n'kutulutsa mowa pamodzi ndi mpweya wa carbon dioxide umene umaoneka ngati thovu. Koma kutcheza kachasu, ngakhale kuti pamakhala moto, utsi ndi mipope, n'kusintha kwa maonekedwe chabe. Mowa umawira pa madigiri 78 pamene madzi amafuna kutentha koposa pamenepo, choncho nthunzi yoyamba kutuluka imakhala ndi mowa wambiri, ndipo ikazizira mumpope imagwa ngati madontho. Wotcheza sapanga mowa, amangoulekanitsa ndi madzi. Mafakitale a ku Dwangwa ndi ku Chikwawa amene amapanga mowa womwewu, wotchedwa ethanol, kuchokera ku zotsalira za nzimbe amatsata magawo awiri omwewa, kusasitsa kenako kutcheza, kungoti ziwiya zawo n'zikuluzikulu.

Makala ndiwo chitsanzo chimene ndimakumana nacho m'mawa uliwonse, pamene anyamata okankha njinga zolemedwa ndi matumba akulowa mumzinda. Wowotcha makala amaunjika mitengo, amaikwirira ndi udzu ndi dothi, n'kuyatsa moto mu uvuni momwe mpweya umalowa pang'ono kwambiri. Mtengowo sunyeka wonse, koma mamolekyu ake amaphwasuka, madzi ndi zinthu zina zimathawa ngati utsi, ndipo chochuluka mwa zotsala ndi kaboni, chinthu chimene khalidwe lake likusiyana kutali ndi la mtengo umene chinachokera. Makalawo akafika pambaula amasinthanso kachiwiri, ndipo apa mpamene pamabuka funso lakalekale: mbaula yodzaza makala imasiya phulusa longokwana m'manja, nanga zina zonse zija zimapita kuti?

Amene anayankha funsoli momveka anali Antoine Lavoisier wa ku France, amene chida chake chachikulu chinali sikelo. Mu 1774 anatenthetsa chitsulo cha tin m'botolo lotsekedwa bwinobwino, ndipo anapeza kuti ngakhale chitsulocho chinasintha n'kuyamba kuoneka ngati phulusa, kulemera kwa botolo pamodzi ndi zonse za mkati mwake sikunasinthe. Atatsegula botololo, mpweya unathamangira mkati kukalowa m'malo mwa umene chitsulocho chinamwa. Pofika mu 1789 anali atalemba lamulo lakuti pa kusintha kulikonse, kulemera kwa zinthu zonse pamodzi kumakhala komweko poyamba ndi pomaliza, ndipo masiku ano timalifotokoza kuti maatomu satha ndiponso sabadwa pa kusintha kotere, amangosintha anzawo ogwirana nawo. Mkuluyu anaphedwa mu 1794 pa nthawi ya kuukira ufumu ku France, osati chifukwa cha sayansi yake koma chifukwa chakuti anali m'gulu la okhometsa msonkho. Malinga ndi lamuloli, magalamu 12 a kaboni akayaka bwinobwino amagwirana ndi magalamu 32 a okosijeni n'kupanga magalamu 44 a carbon dioxide, kutanthauza kuti mpweya umene umachoka pambaula ndi wolemera kuposa makala amene tinaikapo, kungoti sitiuona. Ndipo mpweya wabwino ukachepa, monga zimakhalira mbaula ikalowetsedwa m'chipinda chotseka mazenera usiku wozizira wa June kapena July, atomu ya kaboni imagwirana ndi atomu imodzi yokha ya okosijeni m'malo mwa awiri, n'kupanga carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndiponso wosaoneka, umene umakakamira m'magazi pamalo pa okosijeni n'kupha munthu ali m'tulo. Ndinamuuza mwana uja kuti ngati angaiwale zonse za usiku umenewo, ichi chokha asachiiwale.

Dzimbiri ndi m'bale wake wa moto, kungoti limayenda pang'onopang'ono. Chitsulo chimagwirana ndi okosijeni mothandizidwa ndi chinyezi, ndipo zofiira zimene zimamera pa khasu loiwalidwa panja dzinja lonse si chitsulonso. Titaliyeza khasulo pamodzi ndi dzimbiri lonse loyoyoka, lingapezeke lolemera kuposa poyamba chifukwa cha okosijeni amene lamwa. Malata amachedwa kuchita dzimbiri chifukwa anakutidwa ndi chitsulo china chotchedwa zinc. Amisiri osula mbaula ndi zidebe kumsika wa Ndirande, ngakhale amenye chitsulo tsiku lonse, amangochisintha maonekedwe, pamene mvula imachisandutsa chinthu china popanda nyundo.

Koma phunziro limene linandilowa kwambiri ndinalilandira kwa mmisiri womanga nyumba, ndipo ndinalilipira ndi ndalama zanga. Zaka zingapo zapitazo ndinkamanga kanyumba ku Machinjiri, ndipo titathira konkire wa pansi m'mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, mmisiriyo anandiuza kuti ndizithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Ine, poona kuti madziwo ndinkachita kugula pa chidebe, ndiponso podziyesa wophunzira, ndinaganiza kuti n'kupusa kunyowetsa chinthu chimene ndikufuna kuti chiume, choncho ndinathirira masiku awiri okha n'kusiya. Pasanathe mwezi pansi ponse panali ming'alu, ndipo ukasesa pamwamba pake pankayoyoka ngati mchenga. Mmisiri atabwera anayang'anitsitsa kwa kanthawi, n'kungonena kuti, "Bwana, simenti sauma, amagwira."

Mawu amenewo ndi sayansi yeniyeni. Simenti amapangidwa powotcha miyala ya laimu pamodzi ndi dongo mu uvuni wotentha madigiri pafupifupi 1,450. Pa kuwotchako mwala wa laimu umataya carbon dioxide, makilogalamu 44 pa makilogalamu 100 alionse a mwala wopanda zosakanikira, ndipo zotsalazo zimagwirana ndi za m'dongo n'kupanga zinthu zatsopano zimene zili ndi ludzu la madzi. Tikathira madzi pokanda, madziwo sakhala alendo odikira kuti dzuwa liwachotse, koma amagwirana ndi simentiyo n'kubala tinthu tolimba tonga timizu, timene timakula ndi kulukana mpaka kumanga mchenga ndi miyala pamodzi. Ntchito imeneyi imatulutsa kutentha, imapitirira kwa masabata angapo, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a zomangamanga amayeza kulimba kwa konkire patatha masiku 28. Dzuwa likamwa madzi msanga, monga linachitira ku Machinjiri kuja, kulukanako kumaima panjira. Konkire amalimba ngakhale pansi pa madzi, zimene sizikanatheka akanakhala kuti amangouma. Nalonso thumba la simenti limene lagwira chifukwa cha chinyezi silingathandizenso ngakhale ulisinje mumtondo, pakuti ngakhale lingaoneke ngati ufa womwe uja, ludzu lake linatha kale.

Matope ndiwo amauma. Chidina ndi dothi limene dzuwa lachotsamo madzi, ndipo mvula ikachipeza popanda denga chimabwerera kukhala matope, monga amadziwira aliyense amene anaonapo khoma la zidina likugwa mu February. Njerwa yowotcha imachokera m'chikombole chomwecho, koma mu uvuni, kutentha kukapitirira madigiri 500, dongo limataya madzi ena amene anali omangika m'kati mwa mpangidwe wake weniweni, ndipo moto ukamakulirakulira tizidutswa take timamatirirana kukhala chinthu chimene madzi sangachisungunulenso. Kufiira kwake kumachokera ku chitsulo cha m'dothi chimene chagwirana ndi okosijeni, monga zimakhalira ndi dzimbiri. Tchalitchi cha St Michael and All Angels cha kuno ku Blantyre, chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuwotchedwa pomwepo, chaona madzinja oposa 130 chili chiimire. Pa chitsanzo ichi ndikuvomereza kuti lamulo la kubwezeka limagwira bwino ntchito.

Koma lamuloli limagwanso tikafika pa batire. M'batire la galimoto muli mtovu ndi asidi, ndipo likamagwira ntchito ziwirizi zimagwirana n'kubala chinthu china chimene chimamatirira pa mbale za mtovuzo, asidi n'kumacheperachepera. Tikalitchaja, magetsi amabweza zonsezi m'mbuyo mpaka mtovu ndi asidi zitabwerera mwakale. Batire la mtundu umenewu analitulukira ndi Gaston Planté mu 1859, ndipo la mufoni, ngakhale kuti muli zinthu zina, nalonso limapita ndi kubwerera. Choncho aliyense amene amatchaja foni usiku amabweza kusintha kobala chinthu china, kumene ife tinaloweza kuti sikubwezeka.

M'zolemba za mwana uja munalinso zizindikiro zodziwira kuti pabadwa chinthu china, monga kusintha kwa mtundu, kutuluka kwa mpweya, fungo latsopano ndi kutentha. Zizindikirozi n'zothandiza, koma zili ngati mboni, zimafunika kuzifunsa mafunso. Soda akakumana ndi madzi a mandimu amachita thovu chifukwa pabadwa carbon dioxide amene panalibe, ndipo mpweya womwewo ndi umene umatupitsa chigumu. Koma madzi owira nawonso amachita thovu, ndipo thovulo ndi nthunzi ya madzi omwewo. Masamba a tiyi m'mafakitale a ku Thyolo ndi ku Mulanje amachoka pa kubiriwira n'kuyamba kudera chifukwa zinthu za m'masambawo zagwirana ndi okosijeni, pamene Sobo wothira madzi amatuwa chabe chifukwa wachepa mphamvu. Mchere ndiye wovuta kwambiri. Unapangidwa ndi sodium, chitsulo chofewa chimene chimalimbana ndi madzi mwaukali, ndi chlorine, mpweya wapoizoni, ndipo ziwirizi zitagwirana zinabala chinthu chimene timathira m'ndiwo tsiku lililonse. Ukasungunuka m'madzi, tizidutswa ta sodium ndi ta chlorine timalekana n'kumayandama patokhapatokha, koma madziwo akaphwa mchere umabwerera pansi pa poto. Mabuku a sukulu amati uku n'kusintha kwa maonekedwe, ndipo ndikanakhala ndikulemba mayeso ndikanayankha choncho, koma alipo akatswiri amene amatsutsa, ponena kuti kugwirana kwa tizidutswa tija kunathyoka ndithu. Ine ndimaona kuti malire a mitundu iwiriyi anawalemba ndi anthu pofuna kuti kuphunzitsa kuziyenda bwino, ndipo ali ngati malire a minda ya kumudzi, amene pakati pa munda palibe amene amakangana, koma m'mphepete mumakhala milandu.

Magetsi anali asanayakebe, choncho tinatembenukira kwa kandulo yemwe anali patsogolo pathu, chifukwa pa iye mitundu yonse iwiri imachitikira pamodzi. Phula limasungunuka pafupi ndi lawi, lina limayenderera n'kukaumanso m'munsi likadali phula, lina limakwera m'chingwe n'kusanduka nthunzi, ndipo kufikira pamenepa palibe chatsopano chimene chabadwa. Nthunziyo ndiyo imayaka, pogwirana ndi okosijeni n'kubala carbon dioxide ndi madzi. Ndinamuuza kuti aike sipuni yozizira pamwamba pa lawi, ndipo inachita chinyezi pang'ono, kenako ataitsitsa kulowa m'lawi inada ndi mwaye, umene ndi kaboni amene sanapeze okosijeni wokwanira. Tinazimitsa kanduloyo n'kuyandikitsa machesi oyaka ku utsi woyera umene unkakwera, osakhudza chingwe, ndipo lawi linatsika ndi utsiwo n'kukayatsanso kandulo, pakuti utsi umenewo ndi phula lomwe lija lisanapse. Anandichititsa zimenezi katatu.

Atakhutira anandifunsa chimene alembe pa mayeso, ndipo ndinamuuza kuti ayambe ndi kunena ngati pabadwa chinthu china kapena ayi, ndipo za kubwezeka azilembe pambuyo pake, osaiwala mawu akuti kawirikawiri. Kenako anafunsa za nsima imene azakhali ake anali akupakula, ndipo ndinayenera kuganiza kaye. Ufa ukalowa m'madzi otentha kupitirira madigiri 60, timibulu ta sitachi timamwa madzi, timatupa n'kuphulika, ndipo mamolekyu ake amamasuka n'kukolana, koma ambiri mwa iwo amakhala akadali sitachi. Choncho nsima, ngakhale singabwerere kukhala ufa, yatsamira kwambiri ku kusintha kwa maonekedwe. Nkhoko za pansi pa poto ndizo nkhani ina, chifukwa kumeneko madzi amatha, kutentha kumakwera kuposa pamene madzi amawirira, ndipo pamabadwa zinthu zofiirira zokhala ndi fungo ndi kakomedwe kamene mu ufa munalibe. Mwanayo analemba zimenezi m'mphepete mwa tsamba ndi pensulo, kuti akathe kufufuta ngati aphunzitsi sakagwirizana nazo, kenako anapita kukhitchini kukapempha kuti poto asamuthire madzi iye asanapale nkhoko.